Mapulogalamu oyeretsa kompyuta ndi foni: mafunso ndi mayankho musanadine batani lofufuta

Kompyuta ikayamba kuchedwa, kapena mzere wa disiki C ukafiira, ambiri timathamangira kuika pulogalamu yoyeretsa monga CCleaner, BleachBit kapena Advanced SystemCare. Imasanthula kwa kamphindi, n'kukuuzani kuti yapeza zinyalala zochuluka ndipo mungodina batani limodzi. Mayankho ali m'munsiwa akukhudza kwambiri Windows 10 ndi Windows 11, koma za foni zilimonso.

Kodi pulogalamu yoyeretsa imadziwa bwanji kuti fayilo ilibe ntchito?

Siidziwa, imangoganizira. Amene anailemba anaipatsa mndandanda: yang'ana m'mafoda awa, tola chilichonse chothera ndi .tmp, .log, .old kapena .bak, tola zimene zatha miyezi osasinthidwa, tola mafayilo ofanana. Mndandandawo ukagwirizana ndi mmene kompyuta yanu ilili, zonse zimayenda bwino. Ukapanda kugwirizana, pulogalamuyo imafufutabe osakayika, chifukwa ilibe njira yodziwira kuti fayilo ya .bak imene yaipezayo ndiyo yokhayo yatsala ya mabuku anu a ndalama a chaka chatha.

Windows yeniyeniyo siisunga modalirika tsiku limene fayilo inatsegulidwa komaliza. Kuyambira pa Windows Vista, Microsoft inasiya kulemba tsikuli pofuna kupeputsira disiki ntchito, ndipo pa Windows za masiku ano pena limalembedwa, pena ayi. Choncho pulogalamu ikamati fayilo sikugwiritsidwa ntchito, kawirikawiri ikutanthauza kuti sinasinthidwe posachedwapa. Chonsecho mafayilo ofunika kwambiri a Windows ndi amene sasinthasintha.

Palinso gulu lalikulu la mafayilo amene ntchito yawo ndi kudikira tsiku lawo. Ali ngati chimanga cha mbewu chimene agogo amapachika pamwamba pa moto: chakuda bii ndi mwaye, palibe wochikhudza kuyambira nthawi yokolola mpaka mvula yoyamba. Mlendo wokonda kusesa akhoza kuchitaya, ndipo palibe angadandaule mpaka tsiku lodzala.

Zinachitikapo kuti chinthu chooneka chopanda ntchito chinali chofunika?

Mu Epulo 2025, anthu ataika update ya mwezi umenewo anapeza foda yachilendo pa disiki C, dzina lake inetpub, m'kati mulibe kanthu. Foda imeneyi imapezeka pa makompyuta osunga mawebusaiti kudzera mu pulogalamu ya Microsoft yotchedwa IIS, ndiye ambiri anaiyesa chinyalala n'kuichotsa. Pambuyo pake Microsoft inafotokoza kuti inaiikapo dala potseka mpata wa akuba wotchedwa CVE-2025-21204, ndipo inapempha kuti isafufutidwe. Siidya malo ngakhale pang'ono, koma pulogalamu yosakasaka mafoda opanda kanthu ikhoza kuitola mosavuta.

Nkhani yowawa kwambiri ndi ya mu Okutobala 2018. Mu Windows 10 ya nambala 1809, Microsoft inaikamo kachigawo kochotsa mafoda akale a Documents, Pictures ndi ena, amene ankatsalira munthu akasamutsira mafodawo ku disiki ina kapena ku OneDrive. Ankayembekezera kuti akalewo mulibe kanthu. Kwa anthu ena munali zikalata ndi zithunzi, ndipo zinapita. Kampaniyo inaimitsa update imeneyi patangopita masiku ochepa, n'kudzaitulutsanso pa 13 Novembala itakonzedwa. Amenewo ndi eni ake a Windows, odziwa ngodya zake zonse. Nanji pulogalamu yochokera kwina, imene sinaonepo kompyuta yanu.

Foda ya WinSxS yakula kwambiri. Ndingafufutemo zina?

Musalowemo ndi manja, ndipo pulogalamu yolonjeza kupungula mmenemo itayeni. C:\Windows\WinSxS ndi kumene Windows imasunga zigawo zake. Mukamachotsa update imene yabweretsa vuto, mukamayatsa chigawo china cha Windows, kapena Windows ikamadzikonza fayilo ina itawonongeka, zipangizo zimachokera mmenemu. Mukawononga foda imeneyi, kompyuta ikhoza kuyenda bwinobwino milungu ingapo, kenako ma update n'kuyamba kukana kulowa, ndipo mankhwala ake nthawi zambiri amakhala kuikanso Windows.

Kukula kwakeko n'konamizanso. Mafayilo ambiri a mmenemo ndi fayilo imodzi yokhala ndi mayina awiri, lina mu WinSxS, lina mu System32. Akatswiri amati hard link. File Explorer imawerenga dzina lililonse ngati fayilo payokha, ndiye nambala imene mumaona imaposa malo enieni amene adyedwa.

Windows ili ndi njira yakeyake. Tsegulani Command Prompt ngati Administrator, mulembe Dism /Online /Cleanup-Image /AnalyzeComponentStore kuti muone kukula kwenikweni. Ikanena kuti kuyeretsa n'koyenera, lembani Dism /Online /Cleanup-Image /StartComponentCleanup. Pa intaneti ena amalangiza kuwonjezera /ResetBase kumapeto. Dziwani kuti mukatero simungathenso kuchotsa ma update amene alowa kale, ngakhale ina mwa iwo itakhala ndiyo yasokoneza pulinta. Mukapanda kuchita chilichonse, Windows imayeretsamo yokha, koma imayamba yadikira masiku 30 chilowereni update, kuti mukhale ndi pobwerera.

Nanga C:\Windows\Installer? Muli mafayilo a mayina osamveka okhaokha.

Apa ndi pamene anthu ambiri odziwako makompyuta amagwera, chifukwa foda imeneyi ndi yobisika, imakula, ndipo mayina a mafayilo ake ndi manambala ndi zilembo zosakanikirana. Mafayilo a .msi ndi .msp amenewa ndi amene mapulogalamu amagwiritsa ntchito podzikonza, polandira update ndi podzichotsa. Mukawafufuta, pulogalamuyo imatsegukabe lero. Vuto limadzaoneka tsiku limene mukufuna kuichotsa kapena kuika ina yatsopano: imakana, n'kumakufunsani fayilo imene kulibenso. Kukopera foda imeneyi ku kompyuta ya mnzanu sikuthandiza, popeza mayina aja amasiyana kompyuta ndi kompyuta.

Microsoft inali ndi kapulogalamu kake kotchedwa Windows Installer CleanUp Utility. Inakachotsa mu 2010 itaona kuti kamatha kuwononga mapulogalamu ena osalakwa.

Windows.old ndiye ikudya malo ambiri. Imeneyo bwanji?

Imeneyi mukhoza kuichotsa, bola mudziwe chimene mukutaya. Imapangidwa mukakweza Windows, monga kuchoka pa 10 kupita pa 11, ndipo ndiyo imakulolani kubwerera ku yakale mkati mwa masiku 10. Masikuwo akatha, Windows imaichotsa yokha. Ngati mwakweza dzulo, pirirani kaye. Yesani pulinta, mawu, Wi-Fi ndi mapulogalamu a kuntchito.

Chinanso: okonza makompyuta ena amaika Windows yatsopano pamwamba pa yakale osafomata disiki. Zikatero, zikalata, zithunzi ndi zonse zinali pa Desktop zimakakhala mu C:\Windows.old\Users. Mwini kompyuta amafika kunyumba, n'kuona kuti malo achepa, n'kuyeretsa. Tsegulani foda imeneyi tsiku lomwelo mukopere zanu. Pochotsa, dzerani ku Settings, System, Storage, pa Temporary files, osati kungoidina Delete.

Pulogalamu yapeza mavuto mazanamazana mu Registry. Ndisawakonze?

Asiyeni. Registry ndi kaundula wa makonzedwe a Windows ndi mapulogalamu onse, ndipo mizere yake ndi yosawerengeka. Imene pulogalamu yoyeretsa ikuitcha mavuto ndi timizere totsalira, tolozera ku fayilo imene palibe. Sitidya malo oti n'kuwatchula, ndipo Windows siiwerenga kaundula yense kuchokera pamwamba ikamafuna chinthu, imapita pomwe pali chinthucho. Kuchotsa timizere 500 sikungafulumizitse kompyuta mwa njira yoti inu n'kuzindikira.

Koma mzere umodzi wochotsedwa molakwika ukhoza kuchititsa kuti pulogalamu iiwale laisensi yake, mafayilo a mtundu wina asiye kutseguka, kapena Windows ikane kuyaka. Fayilo imene pulogalamu yoyeretsa ikuti palibe mwina ili pa fulashi kapena pa disiki ya panetiweki imene simunalumikize nthawi imeneyo. Microsoft inalemba poyera kuti siivomereza mapulogalamu oyeretsa Registry ndipo siitsimikiza kuti zowonongeka nawo zingakonzeke popanda kuikanso Windows. Kuwonjezera apo, kuyambira pa Windows 10 ya nambala 1803, Windows inasiya kusunga yokha kope la Registry mu foda ya RegBack, imene akatswiri ankadalira kale. Kwa ine, mwa mabatani onse a m'mapulogalamu amenewa, ili ndi limene phindu lake silioneka n'komwe.

Ndili ndi Microsoft Visual C++ Redistributable zambirimbiri: 2008, 2010, 2013, 2015-2022. Ndisiye yatsopano yokha?

Ayi. Izi ndi zigawo zimene mapulogalamu ena amadalira kuti atseguke. Yatsopano siilowa m'malo mwa zakale zija. Pulogalamu imene inalembedwa ndi zida za 2010 imafuna ya 2010 yomweyo, ndipo mitundu yake iwiri, x86 ndi x64, imafunika yonse pa kompyuta imodzi. Mukachotsa, mudzakumana ndi uthenga wakuti MSVCR100.dll kapena VCRUNTIME140.dll sikupezeka. Ndi zing'onozing'ono, zisiyeni. Ngati uthengawo wabwera kale, katengeni Redistributable yoyenera pa webusaiti ya Microsoft, osati fayilo ya .dll imodzi pa mawebusaiti ogawa ma DLL.

Chimodzimodzi mapulogalamu osaka mafayilo ofanana. Alozeni ku nyimbo ndi zithunzi zanu. Mu Windows ndi mu Program Files, fayilo imodzi imapezeka malo angapo chifukwa pulogalamu iliyonse imayang'ana pamalo pakepake.

Prefetch, pagefile.sys ndi hiberfil.sys, zimenezi n'zochotsa?

Prefetch ilipo kuyambira pa Windows XP, ndipo ntchito yake ndi kukumbukira zimene pulogalamu imafuna potseguka kuti ulendo wina itseguke msanga. Kuifufuta sikuwononga kanthu, kungoti kompyuta imachedwako mpaka itaphunziranso. Mwayeretsa kuti ifulumire, n'kuichedwetsa.

Fayilo ya pagefile.sys ndi malo a pa disiki amene Windows imatsanulirako zinthu RAM ikadzaza. Pa laputopu ya RAM ya 4 GB, kuizimitsa ndi kuitana mavuto: mapulogalamu amangodzitsekera pakati pa ntchito.

Ya hiberfil.sys imasunga zonse zimene zinali zotsegula kompyuta ikamagona tulo ta hibernate. Imeneyi ikhoza kuzimitsidwa mwadongosolo polemba powercfg /h off mu Command Prompt ya Administrator, ndipo mumapezadi malo okwana magigabayiti angapo. Koma lingalirani za kuzimazima kwa magetsi. Batire ikatsala pang'ono kutha inu mutachokapo, laputopu imalemba ntchito yanu yonse mu fayilo imeneyi isanazime, ndipo magetsi akabwera mumapitiriza pomwe munasiyira. Popanda iyo, lipoti limene simunasunge lapita. Fast Startup, yothandiza kuti kompyuta iyake msanga, nayo imadalira fayilo yomweyi.

Koma mafayilo a mu Temp ndiye palibe vuto, eti?

Nthawi zambiri palibe, ndipo ndi malo abwino kuyambira. Samalani ziwiri. Pulogalamu kapena update ikangolowa kumene n'kupempha kuti muyatsenso kompyuta, yambani mwayatsanso, chifukwa zina zofunika pomalizitsa zimadikira mmenemo. Chachiwiri, mukatsegula chikalata mwachindunji kuchokera mu imelo kapena mu fayilo ya ZIP n'kuyamba kulembamo, zosinthazo zikhoza kusungidwa mu foda yongoyembekezera, osati mu Documents. Munthu amalemba tsiku lonse, n'kudina Save mokhulupirika, madzulo pulogalamu yoyeretsa n'kusesa zonse. Chikalata chotero chisungeni kaye ndi Save As pamalo odziwika.

Ndipo tinene zoona, ena timasunga zinthu mu Recycle Bin ndi mu Downloads ngati kuti ndi kabati. Satifiketi, makalata ofunsira ntchito, malisiti, zonse zili mu Downloads. Microsoft inaikapo Downloads pa mndandanda wa Disk Cleanup mu 2018, anthu anadandaula, ndipo inadzaichotsapo mu 2020, mu Windows 10 ya nambala 2004. Pa Temporary files mu Settings ikadalipo, ndiye muziwerenga bokosi lililonse musanachonge.

Kuyeretsa Chrome kapena Edge kuli ndi vuto lanji?

Sikupha kompyuta, koma kumadya bandulo. Cache ndi zithunzi ndi zigawo za mawebusaiti zimene zinasungidwa kuti zisatsitsidwenso. Mukamaifufuta tsiku ndi tsiku, mukulipira kawiri zinthu zomwezo. Mukafufuta cookies, mawebusaiti onse amakutulutsani, ndipo ngati munaiwala pasiwedi, kapena nambala ya foni imene munalembetsera Gmail kapena Facebook inatayika kalekale, kulowanso kumakhala nkhani. Mapulogalamu ena ali ndi bokosi lofufuta mapasiwedi osungidwa. Lionetsetseni kuti silinachongedwe.

Kodi pulogalamu yoyeretsayo payokha ingakhale yoopsa?

Kuti igwire ntchito mumaipatsa mphamvu za Administrator, kutanthauza kuti ikhoza kukhudza chilichonse. Akuba amadziwa zimenezi. Mu 2017, chaka chimene kampani ya Avast inagula Piriform, kampani ya ku London yopanga CCleaner, anthu ena analowerera makompyuta a kampaniyo n'kubisa pulogalamu yaukazitape mu CCleaner 5.33. Inagawidwa pa webusaiti yeniyeni, ili ndi siginecha yeniyeni ya kampani, kuyambira pakati pa Ogasiti mpaka Sepitembala, ndipo inafika pa makompyuta pafupifupi 2.27 miliyoni akatswiri a Morphisec ndi Cisco Talos asanaitulukire. Cholinga chenicheni chinali kulowa m'makampani akuluakulu a zaukadaulo. Kampaniyo inakonza vutolo, koma onani kuti amene anagwidwawo anatenga pulogalamu pamalo oyenera. Wotenga yothyoledwa, ya Pro yaulere yoyenda pa fulashi, ali pangozi yoposa pamenepo.

Manambala ofiira a mavuto amene mapulogalamuwa amakuonetsani nawonso muziwakayikira. Mu 2019, ku America, Office Depot ndi Support.com anavomera kulipira ndalama zokwana madola 35 miliyoni pa mlandu umene bungwe la Federal Trade Commission linawaimba. Pulogalamu yawo ya PC Health Check inkauza makasitomala kuti yapeza zizindikiro za mavayirasi potengera mayankho amene kasitomala anapereka pa mafunso, osati zimene inapeza mu kompyuta, kenako ankamugulitsa ntchito yokonza.

Pa foni ya Android zimasiyana bwanji?

Pa foni imene sinachitidwe root (kuitsegula kuti mafayilo a Android yeniyeniyo azitha kusinthidwa), pulogalamu yoyeretsa singakhudze mafayilo a Android yeniyeniyo. Ndiye chimene chili pangozi ndi zinthu zanu.

Pa pulogalamu iliyonse pali mabatani awiri oyandikana, Clear cache ndi Clear data, pena amalemba Clear storage. Loyamba ndi losaopsa. Lachiwiri limabwezera pulogalamuyo mmene inalili tsiku loyamba. Pa pulogalamu ya banki, mudzayambiranso kulembetsa. Pa WhatsApp, macheza onse amachoka, ndipo amabwerera pokhapokha ngati pali backup. Makope a pafoni pomwepo amakhala mu foda ya Databases, mayina ake oyamba ndi msgstore, ndipo mapulogalamu oyeretsa amakonda kuwaonetsa ngati mafayilo akuluakulu akale. Ngati simusunga ku Google Drive poopa bandulo, makope amenewo ndiwo okhawo muli nawo. Mauthenga a mawu, zithunzi za ukwati ndi za maliro zimene achibale a ku Joni anatumiza, zikachoka mu foda ya Media kawirikawiri WhatsApp imangokuuzani kuti mupemphe wotumizayo atumizenso.

WhatsApp ili ndi chida chake: Settings, Storage and data, Manage storage. Imakuonetsani mafayilo oposa 5 MB ndi amene atumizidwa kambirimbiri, gulu ndi gulu, inu n'kumasankha ndi maso anu. Mavidiyo a m'magulu ndi amene amadzaza foni ya 32 GB, si cache ayi.

Batani lakuti Boost, lotseka mapulogalamu kuti RAM ipepuke, ndi lachabe. Android imawatsegulanso, batire n'kumathera pomwepo, ndipo kuyambira pa Android 14 pulogalamu siiloledwanso kutseka zinzake mwa njira imeneyi. Clean Master, imene inali yotchuka kwambiri, inachotsedwa pa Play Store mu 2020 pamodzi ndi mapulogalamu ena a kampani ya Cheetah Mobile pa nkhani ya malamulo otsatsa malonda.

Nanga Linux ndi Mac?

Pa Ubuntu ndi zinzake, apt autoremove ndi yothandiza, koma werengani mndandanda musanavomere. Mukaona mayina okhudza desktop yonse, kanani. Pa Mac, kuyambira pa El Capitan mu 2015, mafayilo a pakatikati amatetezedwa ndi System Integrity Protection, ndipo malangizo alionse okuuzani kuti muizimitse pofuna kuyeretsa ndi oti muwakane.

Ndiye malo ndiwapeze bwanji, poti disiki yadzadzadi?

Yambani ndi kuona chimene chadya malo. Settings, System, Storage imakuonetsani m'magulu. Mapulogalamu ngati WinDirStat kapena WizTree amajambula disiki yonse, fayilo yaikulu n'kuoneka yaikulu. Agwiritseni ntchito poona basi, ndipo muzifufuta zokhazo zimene mukudziwa kuti munaziika ndinu. Kawirikawiri mudzapeza mafilimu, mafayilo a ISO, masewera, ndi foni yonse imene munakopera pa Desktop zaka zapitazo. Zimenezo zisamutsireni ku disiki yakunja.

Kenako chotsani mapulogalamu amene simuwafuna kudzera ku Apps. Pomaliza gwiritsani ntchito Disk Cleanup kapena Storage Sense. Pa Disk Cleanup, batani la Clean up system files limachotsa zotsalira za Windows Update ndi Delivery Optimization mwadongosolo. Pa More Options pali lina lofufuta ma restore point (makope a mmene Windows inalili, obwererako zinthu zikasokonekera) onse kupatula lomaliza. Limenelo lisiyeni ngati kompyuta yakhala ikuvuta posachedwapa.

Ngati dandaulo ndi kuchedwa osati malo, kuyeretsa si mankhwala ake. Tsegulani Task Manager muzimitse mapulogalamu oyaka okha pa Startup. Laputopu ya hadi disiki yozungulira imasintha kwambiri mukaikamo SSD kapena kuwonjezera RAM, kuposa zimene pulogalamu iliyonse yoyeretsa ingachite.

Ndafufuta kale, ndipo zinthu zasokonekera. Nditani?

Zimatengera chimene chapita. Ngati ndi Windows kapena mapulogalamu amene akuvuta, yesani System Restore mubwerere ku tsiku lisanachitike vutolo. Imabweza Registry ndi mafayilo a Windows, koma siibweza zikalata zanu. Ikakanika, mu Command Prompt ya Administrator lembani Dism /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth, imene imafuna intaneti, kenako sfc /scannow. Zikakanikabe, mukhoza kuikanso Windows pamwamba pa yomweyo n'kusankha kusunga mafayilo ndi mapulogalamu.

Ngati zapita ndi zikalata kapena zithunzi, siyani kugwiritsa ntchito kompyutayo nthawi yomweyo. Chilichonse chatsopano cholembedwa pa disiki chikhoza kukhala pamalo pomwe panali zofufutidwazo. Yang'anani mu Recycle Bin, mu OneDrive ndi mu Google Drive. Mapulogalamu obweza mafayilo monga PhotoRec, Recuva kapena Windows File Recovery muwayendetse kuchokera pa fulashi ngati n'kotheka, ndipo zopezekazo muzisungire pa disiki ina. Pa hadi disiki yozungulira mwayi ulipo. Pa SSD ndi wochepa, chifukwa lamulo lotchedwa TRIM limauza disiki kuti ikonzeretu malo ofufutidwawo. Ngati munachonga bokosi la secure delete kapena wipe free space, zimenezo zinalembedwa pamwamba dala ndipo sizibwerera.

Mukamapita nayo kwa okonza, auzeni dzina la pulogalamu imene munagwiritsa ntchito ndi zimene munachonga, ndipo nenani momveka kuti asafomate asanakopere zanu. Makompyuta ambiri a Windows 11 amabwera disiki ili yokhomedwa ndi BitLocker mwini wake osadziwa. Kiyi yake ndi ya manambala 48, ndipo kawirikawiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft. Ilembeni papepala musanapereke kompyuta, chifukwa wokonza akachotsa disikiyo n'kuilumikiza ku kompyuta ina, sangawerengemo kanthu popanda kiyi imeneyo.